Mpando wa a Namaliya Wayang'ana Kukhoma

Ayi a Kadzuwa, musakhale pansi kaye, mawu mwanenawo ndiwayankhe akadali otentha. Mwauza anthu onsewa kuti mlendo wolemekezeka wa lero sukulu anachita kuithawa. Ine sindinathawe. Munanditulutsa ndinu, ndipo mboni zilimo muholo muno. Nkhani yake ndibwera nayo. Koma poti andiveka jekete, ndiyambe monga amayambira anthu a majekete.

Olemekezeka a Gulupu pamodzi ndi mafumu onse amene mwabwera nawo; olemekezeka a Khansala a dera lathu lino; olemekezeka Bambo Mfumu amene mwatsika kuchokera ku Mua, abusa ndi a Shehe amene mwakhala nawo benchi imodzi; olemekezeka a hedimasitala amene mwatibwereka holo ino; olemekezeka a Dokotala Clement Chakufwa, aphunzitsi a mbiri yakale ku yunivesite, amene kwathu timangoti bambo aang'ono chifukwa anakwatira a Fainesi, ang'ono awo a mayi anga; olemekezeka a Kadzuwa, oyendetsa mwambo uno, amenenso anali aphunzitsi anga mu Sitandade Sikisi; inu ophunzira a ku yunivesite amene mwasiya holide yanu; anzanga a kabaza amene mwaunjikana pawindo apo; amayi ndi abambo; ndi inu mkazi wanga, a Namaliya, amene mwakhala kumbuyo uko mpando utayang'ana kukhoma, ndikupatsani moni nonse.

Alendo ndaona mwatembenuka kufuna kuona mkazi wangayo. Ndi agogo anga amenewo, mayi awo a mayi anga. Kwathu kuno mdzukulu wamwamuna ndi mwamuna wa agogo ake, ndiye mukamva ndikuwalankhula mopanda ulemu musathamangire ku polisi. Za mpandowo ndifotokoza, si kuti akwiya ndi munthu.

Dzina langa ndine Gidiyoni, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa siteji ya Golomoti. Ena mukudzifunsa kuti mpando wa khushoni uwu ndaupeza bwanji. Chaka chatha pa mwambo ngati womwewu panabwera bwana wochokera ku ofesi ina, galimoto yoyera, nsapato zowala. Anafika dzuwa litapendeka, n'kutulutsa pepala, n'kuyamba kuwerenga. Koma pepalalo linali la kotsegulira mjigo. Anawerenga lonse osaphethira, mpaka kutilangiza kuti maphunziro a mbiri yakalewa tiziwasamala, tisamachapirepo matewera. Tinaomba m'manja, nanga tikanatani. Ndiye chaka chino ophunzira anauza a Dokotala kuti bola aitane munthu amene anawanyamula chilimwe chonse chatha kuchokera ku Golomoti kukafika ku Mtakataka, amene amadziwa kuti akubwerera chiyani. A Dokotala anavomera mochita kumeza malovu. Ndawathokoza, ngakhale pofika kumapeto kwa mawu anga mwina adandaula.

Chimene tasonkhanira ndi ichi. Anzawo a ana amenewa ali pa holide, ena ku Lilongwe, ena ku Blantyre, akugona mpaka dzuwa kuwalowera m'chipinda. Awa asankha kuonjezera temu ina m'nyengo ya chilimwe, kubwera kuno kumene nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa, kudzaphunzira mbiri yakale kuchokera pakamwa pa anthu amene anaiona ndi maso. Mutu wawo ndi sitima: momwe inkayendera pa njanji yathuyi, amene ankagulitsa pa siteshoni, amene anakwera kupita ku Joni, amene anabwerako ndi amene sanabwereko. Akalemba zimenezo akalembanso mayeso, ndipo wolephera ndi wolephera ndithu, si maulendo okaona malo ayi. Mmodzi mwa iwo ndi mlongo wanga Margret, uyo wakhala pafupi ndi khomo atagwira dengu. Dengulo musalifunse kaye.

Tsopano nkhani ya ine ndi a Kadzuwa. Tsiku lina mu Sitandade Sikisi analowa m'kalasi ndi choko, n'kufunsa kuti kodi sitima inafika liti ku Golomoti. Anzanga onse anaweramira pansi. Ine ndinakweza mkono, n'kuyankha kuti agogo anga amati inkafika mochedwa masiku onse. Kalasi yonse inagwa nako kuseka, monga mukuchitira inumu. A Kadzuwa sanaseke. Anandipatsa khasu, anandilozera kuseri kwa zimbudzi, anati ndikumbe dzenje la zinyalala ndipo ndisabwerere m'kalasi mpaka litandifika m'chiuno. Unali mwezi wa Okutobala. Dothi la kuno mukulidziwa, ukamenya khasu limakubwezera. Dzenje linafika m'maondo. Ndiye lamulo lawo ndikulisungabe mpaka lero. Ndinu aphunzitsi abwino a Kadzuwa, ophunzira anu amamvera.

Ana a pulayimale amene mukusuzumira pakhomo apo, zimenezi musatengere. Ine ndimadzuka ndi fumbi n'kugona ndi fumbi, ndipo njinga ndikuyendetsayi mwini wake ndi wina. Margret anakhala m'kalasi ya a Kadzuwa omwewa, anatseka pakamwa, lero akukwezedwa ndi ine.

Koma yankho langa lija silinali bodza. A Namaliya sitimayo amaidziwa kuposa amene ankaiyendetsa. Amuna awo, agogo athu a Cosmas, anakwera sitima pa siteshoni ya Golomoti pomwepa kupita ku migodi ya ku Joni, mayi anga ali kumsana, a Fainesi ali m'mimba. Sanabwerere. A Namaliya anayamba kugulitsa pa siteshonipo, mazira owiritsa, zitumbuwa, nsomba zootcha, kuperekera pa mawindo sitima ikaima. Anthu ankati ndi mayi wolimbikira geni. Mayi anga amati geniyo inali chifukwa chabe, chimene ankafuna n'kuima pamene anthu akutsika. Anagulitsa mpaka sitima ya anthu inatopa yokha.

Mwa amayi onse amene ankagulitsa pa siteshonipo, a Namaliya atsala okha. Chaka chatha ophunzira anacheza ndi a Nangozo ndi a Nasoko, anagwirizana kuti adzapitiriza chaka chino. A Nangozo tinawaika dzinja lomweli, a Nasoko mpunga ukukololedwa ku Bwanje. Ophunzira atsopanonu, mafunso amene anzanu anawasungira amayi awiri amenewo mubwerera nawo.

Ndiye watsala ndi mkazi wangayu, ndipo apa ndi pamene pali vuto. A Namaliya ndi apongozi awo a a Dokotala. A Dokotala ndi a ku Ntchisi, mwambo amaudziwa, ndipo chikwatirire a Fainesi, ana awo mpaka kumera ndevu, anthu awiriwa sanayang'ananepo kumaso, sanalankhulanepo pakamwa ndi pakamwa. Galimoto ya a Dokotala ikamveka kumsewu, a Namaliya alowa m'khitchini. Akakumana panjira mwangozi, wina alowera m'chinangwa, wina m'thengo la minga, onse kugwada, moni kuponyerana chakumbali ngati akulankhula ndi mtengo. Munthu amene waima pamaso pa azungu kunja uko kuwafotokozera mbiri ya dziko lino ndinamuona ndi maso angawa atabisala kuseri kwa khola la mbuzi, foni ikulira m'thumba, osaiyankha kuopa kuti apongozi amva mawu ake. Umenewo ndi ulemu, sindikuuseka ayi. Ndi chifukwa chake mpando uwo wayang'ana kukhoma. A Namaliya anabwera m'mawa, anafunsa kuti akamwini akhala mbali iti, n'kuutembenuza okha.

Chaka chatha tinayesa nzeru. A Dokotala anakhala kuseri kwa nkhokwe, a Namaliya pakhonde, ine pakati. A Dokotala anena funso kwa ine, ine ndiyenda kukalitula pakhonde, yankho ndilinyamula kubwerera nalo ku nkhokwe, ophunzira akujambula ndi mafoni. Tsono mafunso a anthu ophunzira ndi aatali ngati njanji yomweyo. A Dokotala akuti ndikafunse momwe kuchoka kwa amuna kunasinthira ntchito za amayi pakhomo ndi kumunda ndi pamsika, ine pofika pakhonde ndatsala ndi kuti, agogo, akuti munkatani. Iwo akuti, tinkagulitsa mazira. Ndabwerera ku nkhokwe, akuti mazira. A Dokotala akuti ndikafunse mozama. Ndapita, akuti ukawauze kuti owiritsa. Tinayenda choncho mpaka mthunzi wa nkhokwe unasuntha, a Dokotala n'kumasuntha nawo ndi mpando wawo kuti asaonekere.

Pomaliza Margret analimba mtima. Sanadzere mwa ine, anagwada pafupi n'kufunsa yekha kuti kodi agogo aamuna anathera kuti, nanga panabwerapo uthenga uliwonse. A Namaliya anapitiriza kutola timiyala mu mpunga. Kenako anati:

"Nkhani imeneyo si ya ana. Munthu wamkulu akadzandifunsa yekha, atakhala apa, ndidzamuuza."

Mwamva. Sananene kuti sindikudziwa. Ananena kuti si ya ana. Ine ndi Margret ndife ana. Ophunzira nonsenu ndi madigiri anu akubwerawo ndinu ana. Mayi anga ndi a Fainesi ndi ana awo obereka okha, ndipo afunsa kuyambira ali atsikana, yankho n'kukhala lakuti kapaleni moto. Alongo awo a a Namaliya onse anapita. Munthu wamkulu m'banja mwathu, wa imvi, wodziwa kumvetsera osadula mawu, amene ntchito yake yeniyeni ndi yomweyi, analipo tsiku limenelo. Anali kuseri kwa nkhokwe. Anamva yekha, ndipo ndinawaona akuvula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Ophunzira a chaka chatha anabwerera ku yunivesite ndi kaphikidwe ka zitumbuwa.

Chaka chino zinthu zasintha, ndipo ndinena poyera chifukwa mwini wake sabisa. Maso a a Namaliya akutha. Tinapita nawo kuchipatala, anatiuza kuti si ng'ala yoti angachotse, akungozima pang'onopang'ono. Chaka chatha ankandizindikira ndili kumsewu. Pano amandidziwira kulira kwa njinga, ndipo ndikafika pafupi amandigwira kumaso n'kunena kuti mwamuna wanga wawonda, akazi ena akumudyetsa chiyani. Mpunga anasiya kutola. Chifuwa nachonso chayamba kuwavuta m'mawa. Sindikulosera kanthu, a Gulupu musandiyang'ane choncho, mkazi wangayu akhoza kutiika tonsefe. Koma a Nangozo ndi a Nasoko nawonso tinkati tidzawapeza chaka chamawa.

Ndiye ine ndinayamba kufunsafunsa kwa akuluakulu amene ndimawakweza panjinga. Munthu akakhala kumbuyo kwa njinga amayankha chilichonse, bola usamugwetse. Onse anandiuza chimodzimodzi, ndipo a Gulupu ali apawa anavomereza dzana ndikuwatula kumsika. Ulemu wa chipongozi uli ndi pothera pake. Mkamwini akakhala pabanja nthawi yaitali, ana akula, khalidwe lake laoneka, amapereka nkhuku kudzera mwa munthu wina. Apongozi akailandira, basi, kuthawana kwatha, akhoza kukhala pamphasa imodzi n'kumacheza ngati mayi ndi mwana. Ndinafunsa kuti nanga kwathu zinalekekeranji. Yankho lake n'lomvetsa chisoni chifukwa ndi laling'ono. Ankhoswe amene akanayendetsa zimenezi anamwalira ana a a Fainesi akadali aang'ono. A Dokotala sangayambitse okha, zingaoneke ngati mkamwini watopa ndi ulemu. A Namaliya sangayambitse, zingaoneke ngati akupempha ndiwo. A Fainesi amaopa uku amaopa uku. Aliyense wakhala akudikira mnzake, ngati minibasi ziwiri pa siteji ya Mtakataka, iliyonse ikuliza injini, palibe yonyamuka.

Pamafunika munthu wopanda manyazi. Ndipo a Kadzuwa akhoza kuchitira umboni kuti m'dera lino wopanda manyazi woposa ine sanaphunzitsepo.

Olemekezeka nonse, mlendo wolemekezeka sabwera chimanjamanja. Ena amabweretsa malata, ena mipira ndi mayunifomu, wa chaka chatha anatibweretsera malangizo a mjigo. Ine ndabweretsa nkhuku. Margret, vundukula dengulo anthu aone. Ndi thadzi, lakuda, lamoyo, mwalimva lokha. Koma nkhuku imeneyi si yanga, ndipo apa a Dokotala mukhazike mtima pansi. Dzulo munandituma kuti ndikagule nkhuku ya ndiwo za ophunzira pa tsiku lawo loyamba. Ndinagula. Ndiye ndi nkhuku yanu, yochokera m'thumba mwanu, palibe anganene kuti mkamwini anapereka nkhuku yobwereka. Ine ndangosintha kumene ikupita. Ophunzira, masana ano mudya bonya, ndipo limenelo ndi phunziro lanu loyamba la mbiri ya dera lino.

A Dokotala, ndikuona mwagwira pachipumi. Ngati ndalakwa imikani mkono, nkhuku ibwerera kukhitchini, ine nditsegula mwambo n'kukakwera njinga yanga. Ndikudikira. A Khansala ndinu mboni, a Shehe ndinu mboni, mkono sunakwere. A Fainesi akulira, koma amenewo amalira ndi paukwati pomwe.

Ndikudziwa chimene ndikuika pachiswe. Nkhani ngati izi zimakambidwa kuseri, anthu atatu, osati muholo muli chinkuzamawu. A Namaliya akaikana nkhukuyi pamaso pa anthu onsewa, a Dokotala sadzapondanso pakhomo pathu momasuka, ine kunyumba ndikagona panja, ndipo ana awa akhala kuno temu yonse akuwotchedwa ndi dzuwa n'kubwereranso ndi zitumbuwa. Koma kuseriko takhalako zaka zonsezi, ndipo kwatipatsa chiyani? Manyazi akabwera akhale anga. Ndili ndi malo ambiri owasungira, satifiketi sinadzaze m'nyumba mwanga.

Tsopano ndilankhule ndi mkazi wanga. A Namaliya, ndikudziwa mukumva, makutu anu ndi akuthwa kuposa a tonsefe. Ine ndine mwamuna wanu wachiwiri, ndipo ndatopa kugona ndi mantha. Minibasi iliyonse ikaima pa Golomoti n'kutsika mdala wa chipewa ndi sutikesi, mtima umandigunda kuti mwini munda wabwera. Ndikufuna ndidziwe kuti mnzangayo anathera kuti. Ngati simufuna kuuza ine, chabwino, ndine mwana. Koma mayi anga akhala apo, tsitsi layamba kuyera, nkhope ya bambo awo saidziwa, ndipo pamaliro a anthu ena amalira mopitirira chifukwa awo sanawalirepo. Margret wawerenga mabuku a migodi ya ku Joni mpaka maso kufiira, akufuna dzina limodzi lokha limene mulibe m'mabukumo. Munati munthu wamkulu akadzakufunsani yekha. Munthuyo ndi uyu, wabwera ndi kalasi yake yonse, wavala tayi pa kutentha kuno. Watumikira ulemu wanu kuseri kwa nkhokwe, kuseri kwa khola, m'minga. Sanatopepo, ndatopa ndine wonyamula mafunso.

Margret, nyamuka nayo. Uyende pang'onopang'ono, ukagwade kumanja kwawo, diso la kumanzere ndi limene linatheratu. Anthu a pabenchi imeneyo mupatseni njira.

Pamene akuyenda, ndimalize ntchito imene anandiitanira. Inu ophunzira, mudzi uno mwaulandira ndipo wakulandirani. Mukapita pakhomo pa munthu musayambe ndi kutulutsa foni, yambani ndi kukhala pansi. Akakupatsani madzi imwani, akakupatsani bwemba idyani ngakhale akuwawaseni. Munthu wachikulire akakhala chete pakati pa nkhani musamuthandize, sanaiwale ayi, akusankha. Ndipo mukamaliza mayeso anu, zimene mwalembazo mudzabwere nazo kuno mudzatiwerengere m'Chichewa, kuti eni ake adzakuuzeni pamene mwanama. Inu a mudzi, ana awa akagogoda atsegulireni. Zimene mukuti n'zachabechabe, zoti munakwera sitima ndi mbuzi, zoti munagona pa siteshoni kudikira katundu, iwowa ndi zimene adzera. Anzanga a kabaza, mitengo ikhale yomwe ija, awa si azungu.

Ndithokoze a hedimasitala chifukwa cha holo, amayi amene akuphika kuseriku ngakhale ndawalanda nkhuku, mafumu chifukwa chololeza ana kuyenda m'midzi yanu, ndi a Kadzuwa chifukwa cha dzenje lija, poti likanafika m'chiuno bwenzi lero ndili pa benchi ya ophunzira ndikudikira bonya.

Choncho, mwa mphamvu zimene andipatsa ana a yunivesite, ndi chilolezo cha a Gulupu ndi mafumu onse, ine Gidiyoni wa pa siteji ya Golomoti ndikulengeza kuti maphunziro a mbiri yakale a temu ya chilimwe chino atsegulidwa tsopano. Zikomo kwambiri nonse pondimvetsera, ndi pondipirira.

A Kadzuwa, dikirani, chinkuzamawu musatenge kaye. Musaombe m'manja, a Namaliya akulankhula. Mpando watembenuka. Nkhuku ili pamiyendo pawo, akuipapasa pachifuwa. Akuti yawonda, wogula anaberedwa. Imeneyo ndi yanga, ndailandira. Tsopano iyi si yanga, ndipo aka ndi komaliza kuwanyamulira mawu anthu awiriwa. A kutsogolo simunamve, ndiye ndibwereza momwe anenera, osachotsa, osaonjeza. Akuti:

"Za sitimazo mubwere mawa, mubwere ndi ana anga awiriwo. Koma panopa, a Chakufwa, tasenderani kuno pafupi, maso angawa saona patali. Ndione nkhope ya munthu amene anatenga mwana wanga."